Mayi Wina Wake

Pamwamba pa sitolo ya nsapato panali chipinda chophunziriramo kusinkhasinkha. Anthu ankakhala pa timikeka atatsinzina, kumvetsera mpweya wawo mpaka kabelu kalire. Kenako aliyense ankalowa payekha m'kachipinda ka kuseri kukauza aphunzitsi zomusowetsa mtendere. Pachitseko aphunzitsiwo analembapo okha kuti, "Za muno zithere muno."

Koma bambowa ankakonda kutamidwa. Kwa iwo phunziro lopanda chitsanzo linali ndiwo zopanda mchere.

"Bambo, nkhani za anthu musamaphunzitsire," akazi awo ankawachenjeza.

"Inetu sinditchula dzina," ankayankha motero, ngati amene wagula nzeru zonse.

Tsiku lina mayi wina, telala, anawaululira aphunzitsiwo chinsinsi chake akulira. Mtsikana amene anthu ankati ndi wa mkulu wake anali wake womubereka asanakwatiwe. Mwamuna wake sankadziwa, mwanayonso sankadziwa. Chaka chilichonse ankamusokera yunifomu, ndipo thumba lake mkati ankasoka ndi ulusi wofiira.

Aphunzitsi anaisunga nkhaniyo milungu iwiri, ikuwayabwa pakamwa. Lachitatu lina anthu anadzaza, aphunzitsi mtima unawakwera.

"Pali mayi wina wake," anayamba motsitsa mawu, "akatsinzina amangoona ulusi wofiira m'thumba la yunifomu. Mwana wake weniweni amamuitana kuti amayi aang'ono."

Anthu anapukusa mitu mwachisoni, aphunzitsi n'kumva kukoma. Sanaone kuti kumbuyo kwa telalayo kunakhala mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake, yemwe anachapapo yunifomuyo mtsikanayo atabwera kutchuthi.

Loweruka telala anabwera kudzatenga mkeka wake, chikwama cha zovala chili m'manja. Anali atathamangitsidwa ndi mwamuna wake.

"Mayi, sindinatchule dzina," anatero aphunzitsi.

"Dzina n'chiyani, aphunzitsi? Munandivula zonse n'kundisiyira mpango kumutu."

"Ndiuza anthu kuti ndinangopeka."

"Mukauze mwana wanga. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikufuna mawu omuuzira. Wamvera m'kamwa mwa anthu otukwana, ndipo yunifomu ija wanditumizira ataing'amba."

Anapinda mkeka wake n'kutsika masitepe osacheuka.

Lachitatu lotsatira anthu anabwera ndithu, koma kabelu katalira palibe amene analowa m'kachipinda kaja. Aphunzitsi anakhalamo okha, chitseko chili pululu. Anatsinzina kuti apeze mtendere umene ankaphunzitsa anzawo, koma ankangoona ulusi wofiira. Manyazi anawagwira, chokonza panalibe. Madzi akatayika sawoleka.