Manyowa Osapsa

Panali munthu wina amene dimba lake linali lotchuka dera lonse. Kwa zaka makumi awiri, aliyense wofuna mpiru kapena matimati ankatsetsereka ndi kanjira kopita kudambo kwake. Anthu akamakamba za ulimi wa masamba ankayamba ayang'ana kumene iye wakhala.

Munthuyo anali ndi mng'ono wake, ndipo mkazi wa mng'ono wakeyo anali Nangondo. Nyumba zawo zinali zoyandikana, pakati pali mpanda wa udzu. Nangondo analibe dimba. Pakhomo pake panali pouma gwa, posesedwa mpaka kuyera.

Chaka china anthu ongodzipereka anatsegula munda wachitsanzo kuseri kwa msika. Loweruka lililonse ankaonetsa aliyense wobwera mmene angalimire ndiwo pakhomo, ndi madzi ochepa, popanda feteleza wa m'sitolo. Nangondo anapitako kamodzi, anapitanso kachiwiri, kenako sankaphonyanso.

Pofika Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kuseri kwa nyumba ya Nangondo kunali kutabiriwira. Mpiru unkamera m'matumba odzaza dothi. Bonongwe ankamwa madzi otsukira mbale. Amayi amene kale ankatsikira kudambo anayamba kukhotera pakhomo pake, nakhala pansi, namafunsa mafunso. Munthu uja ankamva kuseka kwawo ali pakhonde lake, ndipo tiyi ankamuzizirira m'manja.

Chaka chomwecho chitsime cha kudimba kwake chinayamba kuphwa, masamba ake n'kumachita chikasu. Tsiku lina pamaliro mayi wina wophika anati, "Masamba awa ndi a kwa Nangondo. Mayi ameneyu ali ndi dzanja." Munthuyo anamva. 

Loweruka lotsatira anavala jekete lake n'kupita ku munda wachitsanzo. Mumtima ankati, "Ndikaone pamene abisa bodza lawo."

Pachipata anamulandira bambo wina, mphunzitsi wopuma pantchito, namutsogolera pamodzi ndi alendo ena. Anawaonetsa mabedi ophimbiridwa ndi udzu wouma. Anawaonetsa anyezi wodzalidwa pakati pa kabichi, ndi madzi a masamba a nimu othirira tizilombo. Ena atapita patsogolo, munthuyo anawerama n'kupisa dzanja pansi pa udzuwo. Dzuwa linali paliwombo, koma dothi linali lozizira ndi lonyowa, ndipo nyongolotsi inamudutsa pachala. Anadziwa kuti panalibe bodza. Kudziwako kunamupweteka kuposa mmene bodza likanamupwetekera.

"Tsopano tipite pamulu wa manyowa," anatero mphunzitsiyo. "Pamenepo ndiye pagona nkhani yonse. Atiphunzitsa ndi mayi amene anatipitirira tonse."

Pamuluwo panaima Nangondo, khasu lili m'manja.

Ataona mlamu wake ananyonyomala mwaulemu. "Alamu, mwatilemekeza pobwera. Senderani kuno kutsogolo kuti mumve bwino."

Anthu onse anacheuka. Munthuyo anaona nkhope za amayi amene kale ankamupempha mbewu. Anaona malo amene anamusiyira kutsogolo, malo a wophunzira.

"Ndimangodutsa," anatero. "Ine ndinayamba kugwira khasu inu musanabwere pamudzi pano."

Anatembenuka n'kutuluka pachipata, phunziro lisanayambe.

Koma zimene dzanja lake linakhudza sizinamuchoke m'mutu. Anapeza pamene mpanda wa udzu unang'ambika, ndipo m'mawa uliwonse ankasuzumirapo. Anaona Nangondo akusesa zitosi za nkhuku ndi ndowe za mbuzi, akutapa phulusa, akupita nazo kuseri kwa khitchini. Tsiku lina anamuona akuchokera komweko ndi chidebe chodzaza, nakathira pamabedi. Kuseri kwa khitchiniko diso lake silinkafika.

"Basi n'zomwezi?" anadzifunsa. "Ine ndithira zochuluka kuposa iye."

Anakokolola khola lake lonse la nkhuku, zitosi za dzulo ndi za lero. Anasenza matumba kupita kudambo. Kumeneko kunali mbande zake zomaliza, za mbewu ya matimati imene anaisunga kuyambira nthawi ya bambo ake. Anathira zitosizo mokhuthala pabedi lililonse, osasiyako ngakhale limodzi, nathirira ndi madzi otsala m'chitsime. Pobwerera kunyumba ankaimba mluzu.

Patapita masiku atatu mbande zinayamba kupsa m'mbali mwa masamba. Pofika tsiku lachisanu zonse zinali zitagona, zofiirira ngati zawauka ndi moto.

Mkazi wa munthuyo anakauza Nangondo, ndipo Nangondo anatsikira kudambo atasenza beseni la mbande za m'nazale yake. Anapeza mlamu wake ali komweko, naima kuyang'ana mabediwo, fungo la zitosi likuwawa m'mphuno.

"Alamu, manyowa amayamba apsa kaye pamulu," anatero motsitsa mawu. "Timawatembenuza, timawadikira miyezi iwiri, mpaka atazizira. Osapsa amawotcha mbewu. Ndi zomwe ndinkati ndiyambe kunena tsiku lija."

Munthuyo sanamuyang'ane.

Nangondo anatula beseni m'mphepete mwa dimba. "Izi mukawokere pamalo ena. Zikhoza kugwira mukazidzala lero."

Atapita, munthuyo anayang'ana mbandezo. Zinali zonenepa, zamasamba obiriwira bwino, ndipo anadziwa kuti zikanabereka. Anadziwanso kuti zikabereka, odutsa adzafunsa kumene zinachokera. Anazisiya padzuwa pomwepo. Pofika madzulo zinali zitafota.

Nyengo yonse ya chilimwe m'nyumba mwake munkadyedwa masamba a kwa Nangondo. Mkazi wake ankakawatenga podzera kuseri. Iye ankadya mutu uli pansi, osafunsa kumene achokera.

Inu amene mukumva izi, onani kuti munthuyu sanamanidwe kanthu. Chipata chinali chotsekula, phunziro linali laulere, ndipo malo anamusungira kutsogolo. Chinamulepheretsa ndi chimodzi chokha: sanafune kumva nzeru kuchokera pakamwa pa munthu amene ankamuyesa wamng'ono. Nsanje imasuzumira pampanda, ndipo pong'ambika mpanda pamaoneka theka la ntchito. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tsono ngati pali mnzanu amene zake zikubiriwira pamene zanu zikufota, ndipo dzina lake likamatchulidwa mtima wanu umatentha, musamuzonde. Zungulirani mpandawo, mulowere pakhomo, muodire, mufunse.