Ngolo ziwiri za nsenjere

Ngolo ziwiri pa mtengo wa imodzi. Ine ndakalambira m'misika, ndipo mawu oterewa ndikawamva ndimayamba ndagwira thumba langa.

Panali munthu wina amene analandira ng'ombe ya mkaka kuchokera ku gulu la alimi a m'mudzi mwawo. Pangano linali lakuti thole loyamba lalikazi adzalipereka kwa wotsatira pamzere. Wotsatirayo anali mayi wamasiye, ndipo khola anali atamanga kale. Ng'ombe ija inaberekadi thole lalikazi.

Munthuyu analibe dimba, choncho nsenjere ankagula kwa mlamu wake. Tsiku lina anapita kukamweta, udzu uli m'chiuno, masamba ali anthete.

Mlamuyo anati, "Alamu, mukumweta makanda? Usiyeni upitirire denga la nyumba. Ndidzakupatsani ngolo ziwiri, inu n'kulipira imodzi."

"Nanga pakadali pano idya chiyani?"

"Mapesi a chaka chatha mulibe? Ng'ombe sisankha ngati mlendo wa m'tauni."

Munthu uja anabweza chikwakwa paphewa, napita kwawo akumwetulira.

Nsenjere zinakula, zinamasula, zinalimba ngati bango. Ngolo ziwiri zinabweradi, zodzaza mpaka kupendekeka, anthu akuima m'njira kuziyang'ana. Ng'ombe inabudula timasamba ta kunsonga, zotsalazo n'kuzipondaponda. Anazidula tizidutswa, inakana. Anawaza madzi amchere, inanyambita mcherewo basi.

Mkaka unatsika. Chigubu chimene ankapita nacho kogulitsa chitadzaza chinayamba kupita chikukhutchumuka. Pochita manyazi ndi anzake, munthuyu anayamba kukama mpaka dontho lomaliza, thole n'kumayamwa mawere ofota. Mvula yoyamba isanagwe, thole linafa. Ng'ombe ija, nthiti zili pamtunda, chaka chimenecho sinatenge bere.

Mlamu uja naye analira ndithu, poti dimba lomwe akanamweta kangapo analimweta kamodzi. Koma kulira kwake kunali kwa munthu amene ndalama ili kale m'thumba.

Tsono inu amene mukundimvera, chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti palibe amene ananama. Ngolo zinali ziwiri, zodzazadi. Anthu awiri akuluakulu anayeza chakudya cha ng'ombe ndi maso, ngati akugula mitengo yomangira nkhokwe. Udzu ukamatalika umalemera, inde, koma chimene chimasanduka mkaka chimakhala chikutha. Mwetani uli m'chiuno, ngakhale ngolo izioneka yochititsa manyazi. Ndipo wina akakuuzani kuti dikirani mudzapeza zambiri, mufunseni kuti zambiri za chiyani.

Amene analipira malonda amenewa sanalipo n'komwe powakambirana. Ndi mayi wamasiye uja. Analipira thole lathunthu ndi zaka zina ziwiri zodikira, ndipo m'khola lake lero mumagona nkhuku za eni.