Bokosi Lofiira la Whiteson Mbewe

Whiteson Mbewe anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pa fakitale ina ku Kafue, ndipo pa shifiti yake ndiye ankasunga bokosi la mankhwala a pangozi. Lamulo la kumeneko linali losavuta: nesi wa kampani ankadzaza bokosilo n'kulimanga ndi kawaya ka chidindo, ndipo kawayako sikankadulidwa pokhapokha munthu atavulala. Bokosi lomata linali bokosi lodzaza. Zimenezi zinamulowerera Whiteson mpaka m'mafupa.

Kenaka inafika nyengo ija makampani ankagulitsidwa, anthu n'kumachotsedwa ntchito m'magulumagulu. Whiteson anabwerera kwawo ku Nangongwe ndi kalata, maovololo awiri, ndi kachitini kakale ka mankhwala kamene nesi anamupatsa potsanzikana. Munthu amene ankaitanidwa mothamanga anayamba kuswera pakhonde osafunidwa ndi aliyense. Zinkamuwawa, ngakhale sankanena.

Choncho mpingo utakonza zokwera phiri kukapempherera ochotsedwa ntchito, n'kumusankha kuti ayang'anire za ngozi, bambo uja anatsala pang'ono kuvina. Koma atayang'ana kachitini kake kopindika, kadzimbiri m'makona, manyazi anamugwira. Akanatha kungogula mabandeji ndi mankhwala otsukira bala n'kukadzaza. M'malo mwake anaima pa kantemba kena pafupi ndi siteshoni ya maminibasi, pomwe katundu wakunja anali mbwee, maso ake n'kugwera pa bokosi lofiira la mtanda woyera, lokutidwa ndi pulasitiki yonyezimira. Analigula, n'kulinyamula ngati khanda mpaka kunyumba.

"Bashi Misozi, tsegulani tione vili mukati," anatero mkazi wake Tinenenji, amene ankamuitana ndi dzina la mwana wawo woyamba.

"Awe, Amake Misozi. Simuona kuti ni yomata? Ku kampani bokosi yomata sitenze kutsegula chabechabe."

"Kuno si ku kampani. Wamene anaikamo vinthu mumuziba?"

"Imwe zibani va tomato ku maliketi. Ivi nisiyileni ine."

Tinenenji anaisiyira pomwepo nkhaniyo. Anaona mmene nkhope ya mwamuna wake inawalira koyamba m'miyezi isanu ndi itatu, ndipo sanafune kuizimitsa.

Loweruka m'mawa anthu pafupifupi makumi atatu anayamba kukwera akuimba, Whiteson ali patsogolo, malaya oyera opita nawo kutchalitchi ali pathupi, bokosi lili m'khwapa kuti aliyense alione. Anapemphera bwino pamwamba, utsi wa mafakitale otsala ukuoneka patali. Tsoka linadikira potsika. Tinenenji anaterereka pa timiyala n'kugwera pa chitsa chimene ootcha makala anachidula mosongoka. Katumba wa mwendo anang'ambika, magazi n'kuyamba kutuluka mosalekeza.

"Ba Whiteson, bokosi! Fulumirani!" anafuula anthu.

Whiteson anagwada n'kung'amba pulasitiki ija ndi mano. Anatsegula bokosi lija. Munali timapulasitala tomata pa chala, kathonje kosakwana m'dzanja, ndi kasizasi kolephera kudula ngakhale ulusi. Malo otsalawo anadzazamo chisiponji kuti zinthu zisamagwedere. Anayesa kumata kapulasitala kamodzi, magazi n'kukakokolola iye akuona. Kumsewu kunali mtunda wa maola awiri.

Mwayi wake, zimene anaphunzira ku fakitale zinali zidakali m'manja. Anavula malaya oyera aja, kuwang'amba, kuwapinda n'kukanikiza pabala ndi mphamvu zake zonse. Mayi Winfrida, mtsogoleri wa amayi a mpingo, anavula duku kuti amangire pamwamba. Amuna anadula mitengo iwiri n'kupanga machira ndi zitenje.

Ali pakati potsika, Tinenenji anatsegula maso pang'ono. "Bashi Misozi, nimvera mphepo."

Dzuwa linali likuswa mtengo. Whiteson ankadziwa tanthauzo la munthu wotaya magazi akamamva kuzizira, ndipo mantha amene anamugwira sanawamvepo chibadwire. Anayenda m'mbali mwa machira, msana uli pamtunda, dzanja lili pabala, misozi ikutsika osaibisa.

"Osagona, Amake Misozi. Kambani na ine. Nitukaneni olo, koma osagona."

Kumsewu lole ya mchenga inawaimira. Kuchipatala anamusoka bala lija, ndipo nesi ananena mosabisa kuti akanachedwa pang'ono, bwenzi nkhani ili ina. Tinenenji anachira, koma mwendo sunabwerere mwakale. Mpaka lero amatsimphina popita kumsika. Sanatchulepo ngakhale tsiku limodzi kuti anachenjeza, ndipo kukhala chete kumeneko n'kumene kunamupweteka Whiteson koposa.

Tsiku limene mkazi wake anayamba kuyenda ndi ndodo, Whiteson anatulutsa kachitini kakale kaja n'kukakwecha ndi mchenga. Anakadzaza pamaso pa Tinenenji, chinthu chilichonse akuchigwira ndi kuchitchula dzina: mabandeji aakulu, thonje, mankhwala otsukira bala, sizasi imene anayamba waiyesa pansalu. Sanamangepo kawaya.

Bokosi lofiira lija sanalitaye. Analiika pa kabati m'chipinda chochezera, chisiponji chake chili momwemo. Alendo akalowa salephera kuliyamikira.

"Koma bokosi yabwino iyi, ba Whiteson! Munaigula kuti?"

Iye amayang'ana mwendo wa mkazi wake, n'kuyankha motsitsa mawu kuti, "Tsegulani muone."

Akuluakulu sananame ayi: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.