Mzere Womaliza wa Makaroti Ofiirira

Chaka chija njala inaluma mpaka mbewa kuoneka nthiti, dimba lobiriwira linali limodzi lokha, lomwe ankalondera Nguluwe. Munali makaroti a mbewu yamakolo: achikasu, oyera, ndi ena ofiirira ngati mabiringanya. Mbewuyo anaisiya malemu mayi ake a Mfuko, kanyama kokumba pansi kaja, ndipo Mfuko mtima unkamuwawa poona chimphonacho chikusunga za mayi ake.

Tsiku lina Mfuko anafika kudimbako nkhope ili ndwii.

"Pepani malume, makaroti awa adwala chikasu. Taonani mtunduwo! Mukangodya, maso anu atero."

Nguluwe analumpha ngati waponda moto. "Kataye kutali, mwanawe!"

Mfuko anakataya m'mimba mwake.

Njala itabwerera, nayenso anabwerera.

"Malume, oyerawa atha magazi. Matenda ake ndi opatsirana."

"Zula msanga!"

Anazula, nakatafunira kuseri kwa chulu, akuseka mpaka kutsamwa.

Unatsala mzere umodzi wa ofiirira, utayamba kale maluwa.

"Awa ndiye alodzedwa, malume. Munaonapo karoti wakuda chonchi?"

Nguluwe anakhala pansi pafupi ndi mzerewo. "Awa okha ayi. Ngati alodzedwa, ndifa nawo."

Kufunsa chifukwa, Mfuko anaona ngati kutaya nthawi. Anakumba una, nadya onse chapansipansi, kusiya masamba ali chilili, mlonda ali pamwamba pomwepo.

Dzuwa litaswa mtengo, maluwa aja anafota. Mfuko anasuzumira kuti aseke, koma anapeza Nguluwe misozi ili chuchuchu.

"Ndalephera, mwanawe. Mayi ako akumwalira anandipempha kuti, 'Ofiirirawa usadye, uwasiye abereke njere. Mwana wanga ndi wosusuka, udzampatse akadzakhwima nzeru.' Za chikasu ndi magazi zija ndinkadziwa kuti ndi bodza. Ndinakulekerera chifukwa unali ndi njala, ndipo mbewu zake zilipo kutsidya. Koma iyi inali yomaliza. Kaya chaipha n'chiyani?"

Mfuko anafuna kuyankha, koma anakumbukira kuti mano ake anali ofiirira. Anatseka pakamwa, nabwerera m'una chafutambuyo. Kumeneko analira maliro a mayi ake kachiwiri, yekhayekha, mimba ili yokhuta.

Mpaka lero akukumbabe m'minda ya anthu, kufunafuna karoti mmodzi yemwe mwina anamuphonya. Inu mumamutchera msampha n'kumati ndi mbala. Ine ndikaona dothi latukumuka, ndimangoti wadutsa mwana wamasiye uja.