Chitsulo Chovala Lesi

Pa tauni ina yaing'ono panali mayi wina telala. Zaka makumi anayi anakhala pa khonde la sitolo ndi makina ake osokera, aja opukusa ndi dzanja. Madiresi a ukwati, mayunifolomu a sukulu, zovala za amayi a mu mpingo, zonse zinkadutsa m'manja mwake. Anali munthu waukhondo, wokonda zinthu zooneka bwino. Kunyumba kwake wailesi inali ndi kansalu kake, ndowa ya madzi akumwa inali ndi kansalu kake. Ndikukuuzani, nkhuku ikanakhala kuti imakhazikika malo amodzi, akanaisokera malaya.

Ukalamba utafika, unayambira ku miyendo. Nyamakazi inagwira maondo, kenaka chiuno. Akangoimirira ankatha kuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo, kufika pakhonde, kufika kubafa. Vuto linali kuimirirako. Kudzuka pa bedi m'mawa ndi kubwererapo madzulo, imeneyo ndiye inali nkhondo.

Tsiku lina m'mawa anafuna kudzuka yekha. Anagwira mpando umene unali pambali pa bedi n'kuutsamira. Mpando unapendekeka, iye n'kugwera pa simenti cham'mbali. Anagona pomwepo mpaka dzuwa litakwera, akuitana, popanda womumva. Fupa silinathyoke ayi. Koma kuyambira tsiku limenelo analumbira mumtima mwake kuti chinthu chosapuma sadzachitsamiranso.

Mayiyu anali ndi mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Elube, amene nyumba yake inali pa bwalo lomwelo. M'mawa uliwonse Elube ankalowa kuchipinda n'kuwerama. Amayi ake ankakoleka manja awo m'khosi mwake, iye n'kudzuka nawo ngati wonyamula thumba la chimanga. Madzulo chimodzimodzi, kuwatsitsira pa bedi. Sankadandaula. Anzake akamumvera chisoni, iye ankangoseka n'kunena kuti, "Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

Kenaka Elube anakhala ndi pakati. Anali atadikira zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kawiri konse anali atapita padera. Pakhomo paja panali chimwemwe, koma chimwemwe chake chogwirira mtima m'manja.

Mwamuna wa Elube anali mmisiri wowotcherera zitsulo, wopanga mageti ndi mafelemu a mazenera, munthu wosalankhulalankhula. Ankaona mkazi wake akutuluka m'chipinda muja atagwira msana, ndipo zinkamupweteka kwambiri. Mphamvu zonyamulira apongozi ake anali nazo zochita kutsala. Koma mwambo wathu mukuudziwa. Mkamwini salowa kuchipinda kwa apongozi ake iwo ali momwemo, nanji kuwagwira m'khwapa. Iye akafuna kupereka moni ankanjuta panja, nkhope atayang'ana kumbali, ndipo nkhani zonse zinkadzera mwa Elube.

Nthawi ina a ku chipatala anamugoneka mayi uja sabata imodzi kuti amuchititse mafizo, aja olimbitsa ziwalo. Dokotala wa mafizoyo atamugwira mikono anadabwa. Anauza Elube kuti, "Miyendo yafooka, koma mikono iyi ndi ya mtsikana, makina aja anailimbitsa. Atapeza chogwirira cholimba pambali pa bedi, amayi anuwa akhoza kumadzuka okha."

Elube anafikitsa mawuwo kwa mwamuna wake. Mmisiri uja anangopempha chilolezo cholowa m'chipinda muja mwini wake asanabwere. Anaswa simenti pambali pa bedi, n'kukumba dzenje lomulekeza m'chiuno. Anatenga paipi yachitsulo yolimba, kunsi kwake n'kuwotcherera mapazi anayi otambalala, pamwamba pake n'kupinda chogwirira cholozera ku bedi. Anaiimika m'dzenjemo, anathira konkire, anasalaza pamwamba bwinobwino mpaka osadziwika kuti panakumbidwa. Konkire itagwira, analendewera pa chitsulocho ndi thupi lake lonse, bambo wamkulu kuchita katungwe ngati mwana. Sichinagwedezeke.

Mayi uja atabwera kuchokera ku chipatala anachipeza chitsulo chili chilili pambali pa bedi lake. Anakondwera ndithu, sindikufuna kumunamizira. Anagwiritsa tambala n'kumutumiza kwa mkamwini wake pothokoza. Koma atakhala yekha anachiyang'ana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kunenepa kwake ngati nzimbe chabe. Mumtima anati, mpando wa miyendo inayi unandigwetsa, nanga ichi cha mwendo umodzi? Zimene zinali pansi pa simenti sanazione, poti tsiku lokumba iye kunalibe.

China, chitsulocho chinali chakuda, cha zipsera za moto, chosayenera m'chipinda cha munthu waukhondo. Ndiye anatsegula sutikesi yake. Anapezamo nsalu yoyera yoterera, yotsala pa diresi ya ukwati imene anasoka kalekale, ndi lesi pang'ono, ija yokongoletsera m'mphepete mwa madiresi. Masiku atatu ali pa singano. Anachiveka chitsulo chija kuyambira kumutu mpaka kuphazi, lesi m'mbali, timaluwa pa chogwirira. Chinakongola ngati mkwatibwi.

Amayi a mu mpingo akabwera kudzamuona, asanakhale n'komwe pansi, iye ankati, "Taonani zimene anandipangira apongozi anga." Iwo ankayamikira, iye ankanyadira. Anayamba kukolekapo mpango wake ndi kachikwama ka m'manja. M'mawa uliwonse ankachisasa fumbi, kuongola lesi pamene yapindika. Akatha ankakweza mawu: "Elube, dzandidzutse."

Elube ankapempha: "Amayi, tangoyesani kamodzi kokha."

"Mawa, mwanawe. Lero m'thupi simuli bwino."

Mawa uja anabala mawa mnzake, mwezi n'kutha, wina n'kulowa. Mimba inkakula, ndipo Elube ankaweramabe m'mawa ndi madzulo. Mkamwini ankangoyang'ana pansi. Akanatsutsana nawo bwanji apongozi ake?

Mimba itafika mwezi wachisanu ndi chiwiri, namwino wa ku sikelo anamukhazika Elube pansi n'kumuuza mosapita m'mbali kuti asanyamulenso chilichonse cholemera, ngakhale ndowa ya madzi, chifukwa akapitiriza, mwana uyunso amutaya. Elube anauza mwamuna wake, koma amayi ake anawabisira. Ankaopa kuti akamva adziona ngati katundu. Anati apirirabe, yatsala miyezi iwiri yokha.

M'mawa wina wozizira wa mu Juni analowa monga mwa masiku onse. Anawerama, amayi ake anakoleka manja m'khosi. Atangoyamba kudzuka nawo, mayi uja anamva mwana akutakataka m'mimba mwa Elube, pomwe matupi awo anagundana. Nthawi yomweyo Elube anabuula. Thukuta linali kamukamu pa mphumi kukuzizira chotero. Anawabwezera amayi ake pa bedi, iye n'kukhala pansi, atagwira kunsi kwa mimba.

"Chavuta n'chiyani, mwanawe?"

Apo Elube sanathenso kubisa. Ananena zonse zimene anamuuza namwino.

Mayi uja chisoni chinamugwira, ndi manyazi omwe. Anazindikira kuti miyezi yonseyi thupi lake lakhala likulendewera pa anthu awiri, ndipo mmodzi mwa iwo anali asanabadwe n'komwe. Anayang'ana mwana wake pansi paja. Anayang'ana chitsulo chovala lesi, chimene chinali pomwepo, mkono umodzi kuchokera pamene iye anakhala. Mantha a mpando uja anali asanachoke. Simenti ija ankaikumbukira kuzizira kwake.

Mkamwini anali atamva kubuula kuja ali pa bwalo. Anathamanga, koma atafika pa zenera anaima. Ananjuta, nkhope kumbali, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula ndi apongozi ake osadzera mwa munthu. "Amayi, pepani kuti ndalankhula. Chimene mukuchionacho ndi theka chabe, theka linalo lili pansi m'konkire. Ndinalendewerapo ine ndemwe, sichinagwedezeke."

Mayi uja anatambasula dzanja. Anagwira pa timaluwa paja n'kudzikoka. Dzanja linatereka, iye n'kubwerera pa matiresi.

Munthu wina akanati, mwaona, ndimanena ine. Koma uyu anali telala, nsalu ankaidziwa. Anadziwa kuti chimene chasuntha si chitsulo, ndi nsalu yake yomwe. Anapisa dzanja kunsi kwa pilo, kumene ankasunga sizasi, n'kuyamba kudula ulusi umene anasoka yekha masiku atatu. Lesi inagwa pansi, timaluwa tinagwa pansi. Chinatsala chitsulo chakuda chija, cha zipsera, chozizira.

Anachigwira ndi dzanja limodzi, linalo litatsamirabe matiresi podzitchinjiriza. Anakoka, koma sanadzuke. Anapumira m'mwamba. Kenaka anasiya matiresi, anagwira ndi manja onse awiri, anatseka maso, n'kupereka thupi lake lonse. Mikono ija imene inapukusa makina zaka makumi anayi inachita ntchito yake. Maondo analira, chiuno chinalira, koma chitsulo chinangoti zii. Atatsegula maso anapeza ali chiimire.

Anayang'ana ku zenera n'kunena kuti, "Apongozi, ine ndaimirira. Bweretsani njinga, mupite naye mwanayu ku chipatala."

Anatuluka yekha ndi ndodo yake kukakhala kuseri kwa nyumba, kuti mkamwini alowe adzamutenge mkazi wake. Ku chipatala anamugoneka Elube masiku angapo, ululu n'kuleka. Patapita miyezi iwiri kunabadwa mwana wamkazi, wamoyo, wolira mokweza. Lesi ija agogo ake anaitola, anaichapa, n'kusokera khandalo kachipewa. Kumeneko ndiye kunali kwake kwa lesi.

Abale anga, ambiri a ife tili ndi Mulungu wovala lesi. Timamukonda, sindikukana. Dzina lake talipachika pa khoma la pabalaza, talilemba kumbuyo kwa minibasi, lili m'moni wathu, lili m'nyimbo zathu. Alendo akabwera timawaonetsa. Lamulungu lililonse timabwera kudzamusasa fumbi. Koma kukacha tsiku lolemera, matenda akalowa, ukwati ukagwedezeka, mtima ukakanika kudzuka, timamulambalala n'kuitana Elube.

Aliyense pano ali ndi Elube wake. Wina ndi mkazi wake, wina ndi mwamuna wake, wina ndi mwana amene ali ku tauni. Ena mwasankha khosi la ine mlaliki wanu, ndipo mukuliona nokha kuonda kwake. Musandimve molakwa. Kuthandizana n'kwabwino, ndipo Elube sanaleke kuwaphikira amayi ake ndi kuwatenthetsera madzi. Koma kulemera kwa moyo wanu wonse, mantha anu onse, chiyembekezo chanu chonse, palibe khosi la munthu limene lingasenze. Munthu amene mwamukolekera manjayo ali ndi katundu wakenso amene simukumuona, ndipo sakukuuzani chifukwa amakukondani.

Ndikudziwa chimene chimatiopsa. Tinagwapo. Tinatsamira zinthu za miyendo inayi, zooneka zolimba, n'kutigwetsa pa simenti. Ndiye tikayang'ana pemphero timaliona loonda, tikayang'ana lonjezo la Mulungu timati, ichi chingandinyamule ine? Koma chimene tikuchionacho ndi theka chabe. Tsiku lokumba ife kunalibe. Amene anachiimika anachiyesa yekha ndi thupi lake, pamene Ambuye wathu anasenza kulemera kwa tonsefe, ndipo sichinagwedezeke.

Mayi uja sanadzuke chifukwa chothokoza ndi tambala. Sanadzuke chifukwa choyamikira pamaso pa alendo. Ngakhale pamene anagwira ndi dzanja limodzi, linalo lili pa matiresi, anakhalabe pomwepo. Chikhulupiriro si kukhala ndi chitsulo m'chipinda. Chikhulupiriro ndi kuchipatsa thupi lonse.

Tsono mawa kukacha, musanaitane munthu, yambani mwadula lesi. Muuzeni Mulungu zinthu mmene zilili, popanda mawu okongoletsa. Siyani matiresi, gwirani ndi manja onse awiri. Mudzaimirira inu, ndipo wina amene mumamukonda adzaongola msana wake n'kupuma.