Pensulo ya Gaudenzio

Kunyumba kwa a Evaristo Bonfanti ku Parma, dzira silinkamwedwa asanaliyang'ane padzuwa. Anayimba tenala m'masewero oyimba a opera zaka makumi awiri, ndipo ankakhulupirira kuti mzinda wonse ukufuna kuwaphera mawu. Wina akatsegula zenera, ankafunsa amene wamutuma. Ine, woyandikana nawo nyumba, ndinkawakonda, koma anali munthu wotopetsa.

Amene ankamukhulupirira anali mmodzi yekha, Gaudenzio, mkulu wokhala m'kabokosi kutsogolo kwa nsanja, wonong'oneza oyimba akaiwala mawu. Tsiku lina poyeserera, a Evaristo anamupeza ali mutu pamodzi ndi oliza vayolini, akulemba ndi pensulo pamapepala awo. 

"Mukulemba chiyani pamapepala a eni, akulu?" anafunsa a Evaristo.

"Tikutsitsa nyimbo yanu pang'ono, achimwene," anayankha Gaudenzio. "Mawu apamwamba aja ayamba kukuthawani, ndipo makutu a anthu a kuno mukuwadziwa."

"Wakutumani ndani? Woyimba wa ku Modena uja wofuna malo anga?"

"Andituma ndi makutu angawa."

A Evaristo sanafunenso kumva zambiri. Anapita kwa mwini holo n'kumuuza kuti asankhe pakati pa iwo ndi Gaudenzio, ndipo pofika masana Gaudenzio anali atanyamula chipewa chake, ntchito itatha. A Evaristo analamulanso kuti chilichonse cholembedwa ndi pensulo chifufutidwe, nyimbo ibwerere mmene anailembera mwini wake.

Akazi awo a Clorinda anayesa kuwabweza. "Bambo, munthuyu wakhala akukupatsani mawu zaka zonsezi. Akanafuna kukugwetsani, akanangotseka pakamwa tsiku limodzi."

"Kodi nanunso mwalowa gulu lawo?" anatero a Evaristo, n'kukankhira kutali msuzi umene mayiwo anawaphikira.

Pa sewero lotsatira holo inadzaza. A Evaristo anayamba bwino, koma nyimbo itayamba kukwera anamva ngati masitepe a nyumba yawo awonjezeka. Pofika pamwamba penipeni, mawu anasweka ngati a tambala wophunzira kulira. Okhala mipando yam'mwamba anayamba kuliza malikhweru, ndipo wina anakuwa kuti, "Kagulitseni tchizi, agogo!" A Evaristo anayang'ana m'kabokosi muja. Munali nkhope yachilendo, maso ali pabuku. Sabata isanathe, malo awo anapatsidwa kwa wa ku Modena uja.

M'mawa wina ali khale pakhomo, anayambanso kuwerengera adani awo. A Clorinda anatopa nazo.

"Adani ake ati, bambo? Gaudenzio anaitsitsa kale kawiri nyimbo ija osakuuzani. M'manja monse munaomberedwa zaka zinayi zapitazi munali m'pensulo yake. Ulendo uno munamufunsa, iye n'kukuuzani zoona, inu n'kufufutitsa zonse."

 A Evaristo anafunsa kumene Gaudenzio ali, ndipo anauzidwa kuti anapita ku Modena, kumene anapeza kabokosi kena. Ndinawamvera chisoni, chifukwa mwa anthu onse amene anawakayikira m'moyo wawo, anathamangitsa yekhayo amene anawabisira ukalamba. Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.