Chikombole cha Che Mkwanda

Kalekale, koma osati kale lija nyama zinkayankhula, kunali mmisiri wa mabwato dzina lawo Che Mkwanda. Ankakhala kumene mtsinje umatulukira m'nyanja, ndipo moyo wawo wonse anakhala akukhomera asodzi mabwato a matabwa. Lamulo lawo linali limodzi: bwato labwino ndi lolemera, lamimba yakuya, loti lisenze makoka ndi amuna omwe popanda kudandaula. Ntchitoyi ankagwira ndi ana awo awiri, Twaibu ndi Asiyatu, komanso mphwawo Ajidu, mwana wa mlongo wawo.

Matabwa atayamba kusowa, asodzi n'kusiya kubwera, Che Mkwanda anaona zachilendo pa hotela ina. Boti lothamanga linkakoka mlendo pachingwe, iye ataimirira pa timatabwa tiwiri, akutsetsereka pamwamba pa madzi. Mkuluyo anapukusa mutu, nati anthu akakhuta amasowa chochita. Atamva mtengo wa botilo anasiya kupukusa.

Maboti amenewa ankachokera kunja ndipo sankakhomedwa ndi misomali. Ankaumbidwa ngati njerwa: umayala nsalu ya faiba m'chikombole chachikulu, kuthira utomoni, zikauma n'kusolola boti lathunthu. Chodula kwambiri ndi chikombolecho. Boti loyamba limakudyera khola lonse, otsatirawo ndiwo amabweza ng'ombe imodziimodzi.

Che Mkwanda anagulitsadi ng'ombe zawo zonse n'kupanga chikombole. Koma anachipanga motsata lamulo lawo lija, chakuya, choti boti lituluke lonenepa. Tsiku loyesa, mwini hotela ija anabwera ndi mlamu wake wodziwa masewerowa. Botilo linakumba madzi, kumbuyo n'kumasiya funde lalitali ngati mzere wa mbatata. Mlamu uja atangoti adutse pafundepo anaponyedwa m'mwamba, thabwa lina uku lina uko, ndipo kabudula wake sanapezeke mpaka lero.

"Madala, ine ndimafuna boti lokoka alendo," anatero mwini hotela, "osati lolima." Anakwera galimoto n'kumapita.

Che Mkwanda anachita manyazi kwambiri. Ng'ombe zinali zitapita, dzina lawo linasanduka choseketsa pamsika, ndipo chikombole chinangokhala pabwalo nkhuku zikuikiramo mazira. Zinthu zinafika pa mwana wakana phala.

Woyamba kudzuka anali Twaibu, munthu wa mawu ochepa. Anati, "Ababa, asodzi amafuna bwato lokhala m'madzi. Akuhotelawa akufuna loyenda pamwamba pa madzi." Anatenga sowo n'kudula mimba ya chikombole, bambo ake akuyang'ana kumbali ngati akuwadula mwendo. Anaphwatalitsa chakumbuyo, anachepetsa nsalu kuti boti lipepuke, ndipo injini anaichotsa kumchira n'kuikhazika pakati kuti boti lisamakhale chonjuta. Dzinja lonse anakhala akupala ndi kusalaza. Fumbi la faiba limayabwa kuposa chitedze. Manja ake anasupuka, ndipo chifuwa chimene anachitola pamenepo sichinamusiyenso. Boti latsopano litalowa m'madzi, kumbuyo kwake kunangoti see ngati mphasa. Che Mkwanda anati limenelo si bwato koma mbale, ngakhale mumtima anakondwa.

Koma boti labwino silidzigulitsa lokha. Eni mahotela onse anali atamva za kabudula uja, ndipo ankati sangagule chinthu chopangidwira pansi pa mtengo wa mango. Apa anadzuka Asiyatu. Anavala buluku mkati mwa chitenje, nauza mchimwene wake kuti amukoke pachingwe. Anagwa, anamwa madzi okwana kuthirira dimba, anadzukanso, mpaka timatabwa tija tinamuzolowera. Amayi a pamudzi anamunena mokwanira, ndipo mnyamata amene anamufunsira mbeta anatumiza mawu kuti sangakwatire mkazi wouluka pamadzi. Asiyatu analira tsiku limodzi. Nthawi ya tchuthi itafika, mahotela atadzaza, anayamba kudutsa kutsogolo kwawo, kupita ndi kubwerera, akukupiza dzanja. Ana a alendo anayamba kuvutitsa makolo, makolo n'kuvutitsa eni mahotela. Woyamba kumuitana anali mwini hotela yemwe uja wa boti lolima.

"Tandiuzani mtengo, mayi."

"Mtengo ndikuuzani mukakwera, bwana. Mangitsani lamba."

Chaka chimenecho maboti anagulidwa, ndipo Che Mkwanda anayambanso kudutsa pakati pa msika. Kenako kunangoti zii. Eni mahotela m'dziko lonselo ungawawerenge ndi zala, ndipo boti la faiba siliwola. Si sopo woti mwezi ukatha munthu abwerenso. Aliyense wofuna anali atagula, nkhuku n'kubwerera m'chikombole.

Ajidu ndiye ankatumidwa kukagula zipangizo, choncho ankadziwa pamene nsapato inkathina. Utomoni wa m'zitini zing'onozing'ono unali wodula moti phindu lonse linkathera pomwepo. Wa mumgolo unali wotsika mtengo, koma ukakhalitsa umauma wokha, ndiye woumba boti limodzi pakapita miyezi sangaugule. Tsiku lina anaona boti la Twaibu likudutsa pafupi ndi bwato la msodzi. Bwatolo silinagwedezeke, msodzi sanatukwane, chimene sichichitikachitika. Pomwepo anazindikira kuti boti loyenda mosavundula madzi chotere likhoza kunyamulanso odwala ndi apaulendo. Ajidu anawoloka mtsinje, nakayankhula ndi a chipatala cha kutsidya amene ankavutika kuwolotsa amayi oyembekezera, kenako ndi anthu owolotsa apaulendo pamadoko.

Pobwera anati, "Amalume, chikombole sichidziwa amene adzakwere. Tiumbe boti lomweli, koma lopanda penti yonyezimira, lopanda mipando yawofuwofu, injini yaing'ono, mabenchi basi."

"Ndiye tikhale opanga mabasi?" anafunsa Che Mkwanda.

"Mabasiwo ndi amene atigulire mgolo."

Zinaterodi. Chikombole sichinagonenso, utomoni unayamba kubwera m'migolo, ndipo mtengo woumbira boti lililonse unatsika. Ndi maboti okoka alendo omwe anatsika mtengo kuposa ochokera kunja, moti eni mahotela a m'maiko oyandikana anayamba kubwera okha. Khola linadzazanso.

Zaka zinapita, maso a Che Mkwanda anachita khungu, ndipo atatu aja, monga achitira anthu mimba ikakhuta, anasiya kumvana. Twaibu ankafuna ntchito ikhale pomwepo pansi pa mango. Asiyatu ankafuna isamukire kufupi ndi mahotela kumene kuli ogula. Ajidu ankafuna ipite kuchipata cha dziko kumene migolo imafikira isanakwere mtengo. Anasiya kudyera mbale imodzi, ndipo pomaliza aliyense anati apatsidwe chikombole ayende yekha.

Anansi anati nkhani yake njosavuta: kuumba zikombole zina ziwiri kuchokera pa boti lomwe lilipo kale. Che Mkwanda anakana. Maso analibe, koma msika ankauona. Ogula onse pamodzi ankangokwana kudyetsa chikombole chimodzi. Zikakhala zitatu, aliyense abwerera ku zitini, ayamba kutsitsirana mitengo, ndipo chaka chisanathe onse atatu adzakhala manja lende. Atambala awiri salira m'khola limodzi, nanga atatu?

Choncho anawaitana atatu aja m'mawa wina, nakhala pa mpando pafupi ndi chikombole, dzanja lili pa chipsera pamene sowo inadutsa.

Twaibu anatsokomola kaye. "Ababa, chimene munapanga inu chinali choikira nkhuku. Pamene mwagwirapo ndi manja anga. Popanda ine panalibe choti wina agulitse."

Asiyatu anati, "Boti lakelo likanangokhala pabwalo pano ndi kusalala kwake konse. Ine ndinataya banja kuti anthu asiye kukusekani, ababa. Dzina limene ogula amafunsa ndinalitsuka ndine."

Ajidu anati, "Awiriwa anakupezerani chakudya cha chaka chimodzi, amalume. Zaka zinazi mwadya za ndani?" Za mwambo woti cha malume n'cha mphwake sanatchule, ngakhale aliyense anamva kuti zili pakhosi.

Che Mkwanda anali ndi chisoni, chifukwa ankadziwa kuti palibe amene wanama. Ankadziwanso kuti akangotchula dzina limodzi, mapazi a anthu awiri atuluka pachipata, ndipo munthu wosaona sangalondole mwana amene wachoka mokwiya. Akapanda kutchula, achigawana okha ndi sowo maliro awo asanathe. Anasisita chikombole kuyambira kumutu mpaka kumchira, natsegula pakamwa.

Ine ndinachoka asanayankhule. Tsono inu amene mwamva zonsezi, khalani pampando wa Che Mkwanda, dzanja lanu pa chipsera chija, atatuwo akukuyang'anani. Chikombole n'chimodzi. Mupatsa amene anachikonza, amene anachipezera ogula, kapena amene anachichititsa kuti chisagone? Nanga awiri otsalawo muwauza chiyani?